Dona ndi Chisanu cha Juni

Mpaka lero ndikamva fungo la nsalu yopserera, manyazi amandigwira. Zinachitika ku Kabwe, ndikugwira ntchito kunjanji.

Ndinali ndi galimoto yakale imene ndinagula kwa mzungu wina pobwerera kwawo titalandira ufulu. Tinkaitcha Dona, poti kukazizira sinkafuna kudzuka. Pofika Juni zinanyanya: kutsokomola, kunjenjemera, ukaponda mafuta nkumangokwawa. Tsono mkazi wanga aNaphiri anali wotopa, mimba yoyamba, ndipo mantha anga anali amodzi: tsikulo likadzakwana, Dona adzatifikitsa kuchipatala?

Apongozi anga, amayi a aNaphiri, anali atabwera kuchokera ku Katete kudzadikirira. Mwamwambo, ine ndi iwo tinkalankhulana kudzera mwa aNaphiri basi.

Ndinayamba ndi mapulagi. Palibe. Ndinamanga mawaya a batire. Palibe. Kenako ndinamasula kabureta yonse nkuitsuka ndi petulo (pobwezera panatsala sikuluwu imodzi, musauze munthu).

"Uwafunse bambo, ikudwala chiyani?" anatero apongozi ali pakhonde.

"Muwauze ndi chisanu chabe," ndinayankha.

Mawa lake Dona analira kamodzi n'kamodzi! Mkuja chimodzimodzi. Kuntchito anzanga sanapume. "Ba Mulenga," ndinkatero kwa kapitawo wathu, "galimoto imafuna mutu, osati manja."

Tsiku lija linakwana m'bandakucha. Tinathamangira m'galimoto, aNaphiri ndi amayi awo kumbuyo. Dona analira bwinobwino, koma tikuyandikira komboni ya Katondo anayamba kubanika. Ndiponde mafuta, mphamvu zii. Kenako utsi.

"Si munati mwakonza, inu!" aNaphiri anakuwa, atagwira mimba.

Ndinatsika nkutsegula boneti. Mayo ine! Bulangete, litakuta injini yonse mpaka popumira mpweya, ngodya ina ikufuka. Ndinalizindikira. Linali lomwe tinawapatsa apongozi tsiku limene anafika.

"Uwauze bambo andikhululukire," anatero iwo, nkhope atalozetsa kumbali. "Ndimaifunditsa madzulo ikadali yofunda, nkuivundukula tambala akalira. Lero ndaiwala."

"Nanga inu mumafunda chiyani, amayi?" Mwambo ndinauiwala, ndinawafunsa ndekha.

"Chitenje. Ine ndikazizidwa palibe kanthu. Koma iyi ikazizidwa, mwana wanga ndimubereke kumsana?"

Ndinafuna kukalipa, koma misozi ndiyo inatsogola. Gogo wathunthu kugona ndi chitenje m'chisanu cha Kabwe, ine uku ndikutamanda mutu wanga! Ndinasolola bulangetelo, Dona nkupuma, ndipo tinafika nthawi ilipo. Dzuwa likutuluka kunabadwa mtsikana.

Malipiro atatuluka ndinawagulira apongozi bulangete latsopano, lochindikala. Madzulo ake ndinakasuzumira m'boneti, ndipo ndinalipeza momwemo, litapindiridwa bwinobwino m'mbali ngati pogona khanda. Ndinatseka pang'onopang'ono kuti asamve, mawa lake nkukagula lachiwiri.

Ba Mulenga anapuma ntchito akukhulupirirabe kuti vuto la Dona linali kabureta.