Ndinalemberatu Uthenga wa Maliro a Amalume

Mpaka lero ku Chinsapo kuli amayi ena omwe akandiona amaitanira ana awo m'nyumba. Sindiwadandaula, inenso ndikanakhala iwo ndikanatero.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kaofesi kena ku Area 25, kotayipa makalata ndi kutumizira anthu mafakisi. Sukulu ya kompyuta ananditumizako ndi amalume anga, omwe anandilera kuyambira ndili Sitandade 3, ndiye ndinkadzimva udolo (ngakhale moni ndinkayankha maso ali pa kompyuta). Pa kompyutapo panali mindandanda iwiri ya mayina, wa imelo ndi wa fakisi. Tsiku lina ndinati kulemba dzina kawiri n'kwa anthu osaphunzira, basi ndinaiphatikiza. Aliyense anakhala ndi dzina limodzi, pansi pake imelo ndi nambala ya fakisi. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Mwezi womwewo amalume anagonekedwa m'chipatala, shuga itakwera, miyendo itatupa. Lachitatu adokotala anatiitanira pambali n'kuyankhula motsitsa mawu, tanthauzo lake mukulidziwa. Ine, pofuna kuti zinthu zisadzatipanikize, ndinalemberatu uthenga wa maliro. Ndinaukongoletsa ndithu: mtanda pamwamba, mbiri yawo, kwawo ku Dedza, malo a tsiku okha ndi omwe ndinasiya mpata. Ndinkafuna achimwene anga a Lyton auone mwachinsinsi pa imelo. Ndinasankha dzina lawo n'kudina, osayang'ana kuti kompyuta yatenga mzere uti.

Inatenga wa fakisi. A Lyton ankagwira ntchito pa kampani ina ya malole ku Kanengo, pomwenso amalume anayendetsa lole zaka zambiri asanapume. Tsono fakisi sidziwa chinsinsi, imangolavula pepala patebulo aliyense n'kuwerenga. A Lyton anali pa ulendo wa ku Mzuzu. Mlembi wa pakampanipo analira, n'kukhoma pepalalo pa bolodi.

Amalume, m'malo momwalira, anatsitsimuka (munthu wa makani chibadwire), ndipo Lachisanu m'mawa anawatulutsa. Masana anali pakhonde atafunda bulangete, ine ndikuwagwirira kapu ya phala. Kenako lole inakhotera mu msewu wathu, itadzaza anzawo akale akuimba nyimbo ya maliro. Kumbuyo kunali nkhuni, thumba la ufa, ndi bokosi lonyezimira vanishi.

Atawaona pakhondepo, nyimbo inathera m'kamwa. Bambo wina anadumpha lole n'kuthawira kwa aneba, komwe azimayi, atamva nyimboyo, anali atayamba kale kulira.

"Bokosilo ndi la ndani?" anafunsa amalume.

Kapitawo wawo wakale anavula chipewa n'kutulutsa pepala m'thumba. Amalume anavala magalasi n'kuliwerenga lonse pang'onopang'ono, mpaka pansi pomwe panali dzina langa.

"Walemba bwino," anatero. "Sukulu ija sinapite pachabe."

"Amalume, ndi kompyuta yomwe..."

"Kompyuta ikudziwa kuti kwathu ndi ku Dedza?"

Bola akanandimenya. Sanandikalipire n'komwe, koma kuyambira tsikulo kapu ankawagwirira ndi akazi awo. M'dera lonse ndinasanduka mfiti yofuna nyumba ya amalume ake. Zimenezo ndikanapirira. Chomwe chinkandipweteka n'chakuti amalume anakhala zaka zina zinayi, ndipo zaka zonsezo munthu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba ankandipatsa moni ngati mlendo: "Muli bwanji, abambo?"

Atamwaliradi, akazi awo anandiitanira kuchipinda n'kutsegula Baibulo la malemu. M'katimo munali pepala lija lopindidwa panayi, zilembo zitazimiririka monga limachitira pepala la fakisi.

"Anati usavutike kulemba wina," anatero mayiwo. "Ungoikapo tsiku."

Ndinaliikapo ndi bolopeni. Mpaka pano ndisanatumize chilichonse ndimawerenga dzina katatu, koma munthu amene ndinkafuna aone kuti ndinaphunzira kulibenso.