Theche lopita kwa apongozi

Anzanga, inu amene mumafunsa chifukwa chake ndikaona kamera ndimayang'ana kumbali, khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa akakuuzani ena awonjezera zawo.

Nkhaniyi inayamba bwinobwino. Limbani, mnzathu amene tinakulira limodzi kuno kumtunda kwa Lizulu koma pano amajambula maukwati ku Lilongwe, anatsegula gulu pa foni n'kulemba kuti tiyeni tipange filimu yathuyathu ya karate, yonga zija tinkaonera tili ana. Mukuzikumbuka zija? Kanyumba kamdima ka pamsika, mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, munthu pa kanema akuyendetsa milomo mawu n'kubwera pambuyo. Tikatuluka mmenemo tinkapita tikumenya mateche nthochi za eni ake mpaka kunyumba.

Ndalama panalibe, ndiye tinagwirizana zosonkha, ndipo anthu anasonkhadi mpaka ine ndinadabwa. Amayi ogulitsa tomato, a kabaza, abale athu a ku Joni kutumiza pa foni, ena kungopereka thumba la kachewere kuti ligulitsidwe. Limbani analonjeza kuti wosonkha aliyense dzina lake lidzatuluka kumapeto kwa filimu, ndipo wosonkha kuposa onse adzasankha yekha malo oti asewere.

Ine anandipatsa malo a ekita, uja amamenyedwa koyambirira, n'kupita kuphiri kukaphunzira, kenako n'kubwera kudzabwezera. Ndikanakana bwanji? Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu pamsika kuti ndikanabadwira kwina bwenzi ndili pa kanema, ndipo mwendo wangawu, ngakhale ndili ndi ana atatu, umafikabe paphewa la munthu. Masiku anayi tinajambula popanda vuto. Ndinagwetsa zigawenga kudimba, ndinanyamula miyala kuphiri, ndipo kunena zoona ndinali nditayamba kuyenda modzimva.

Chimene sindinafunse n'chakuti wosonkha kuposa onse anali ndani. Ndinamva Lachisanu kuti ndi a Ngozo, bambo ake a mkazi wanga, apongozi anga enieni. Anagulitsa mbuzi ziwiri. Nanga malo amene anasankha? Bwana wa zigawenga! Akuti ali ku migodi ya ku Joni ankaonera mafilimu amenewa Loweruka lililonse, ndipo amene ankawasangalatsa sanali ekita ayi, koma mkulu uja amakhala pampando n'kumasisita ndevu anzake akumenyedwa panja.

Tsono mumvetse bwino. Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, munda umene ndimalimamo anandilozera ndi iwowo, ndipo zaka khumi ndi ziwiri sindinaimepo chilili iwo atakhala pansi. Pamene pepala la Limbani, lomwe analembapo nkhani ya filimuyi, likuti ekita athyola chitseko, atukwana bwana, ammenya theche pachifuwa, bwana agwa, filimu yatha. Nditawadandaulira mayi a Tadala, mkazi wanga, anangoti, "Si masewera kodi? Mukawamenye pang'ono." Anayankha akusenda nyemba, osandiyang'ana n'komwe.

Loweruka linali tsiku lomaliza. Limbani anali ndi ukwati woti akajambule mawa lake, ndiye pofika 3 koloko anayenera kukhala ali m'minibasi, kamera ili pamiyendo. Popanda ndewu yomalizayi filimu panalibe, ndipo zonse zimene anthu anasonkha zikanapita pachabe.

Tinakumana pashedi yosungiramo kachewere. Osonkha onse anabwera kudzaona kumene thukuta lawo linapita. Apongozi analowa mkati atavala jasi lakuda lalitali, magalasi akuda ndi majombo awo akumgodi, ndipo zinawakhala, sindinama. Ine panja ndinamanga mpango wofiira kumutu. Limbani atati "Tiyeni!" ndinathamanga mwaukali, kufika pachitseko, mwendo m'mwamba, kenako ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Odi!"

Mkatimo apongozi anayankha, "Lowani!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Limbani anati palibe kanthu, tibwereze. Kachiwiri chitseko ndinachimenyadi, chinatseguka ndi phokoso labwino kwambiri. Koma nditangowaona atakhala pampando, thupi linachita zimene linazolowera. Mpango uja ndinauvula ngati chipewa, ndinanyonyomala pambali pa matumba, manja akuwomba okha, ndikuti, "Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu," anatero a Ngozo akusisita ndevu. "Koma mwabwera kudzandipha kapena kudzandiona?"

Kachitatu ndinakwanitsa kuima chilili. Mawu anga anali afupi, "Iwe galu, lero watha!" Ndinali nditawayeserera m'munda sabata yonse. Ndinawaloza chala, chala chija chinayamba kutsika chokha, ndipo zimene zinamveka n'zakuti, "Pepani bambo, zikuoneka ngati lero zinthu sizikuyenderani bwino." Limbani anaika kamera pansi n'kugwira mutu. Kenako anati mawu asativute, adzaikapo a munthu wina monga momwe zinkakhalira zakale zija, ine ndingomenya theche basi.

Tinatuluka panja poti mkati munali mdima, n'kukaima m'mphepete mwa munda. Ndiye tangoganizani amene anatulukira nthawi yomweyo. Apongozi aakazi! Anafika ndi anzawo awiri akutchalitchi, kuyala chitenje kutsogolo kwenikweni. Ine amene ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire, lero ndikweze mwendo iwo akuona? Ndinapezeka ndaima kuseri kwa Limbani. Iye anawapempha mwaulemu kuti asunthire kumbuyo, koma anakana. "Mbuzi zija zinali zanganso, ndionera pompano," anatero.

Tinayesa kanayi. Theche lililonse linkathera m'malere, kutali ndi munthu moti njinga ikanadutsa pakati pathu. Limbani anawapempha a Ngozo kuti angogwa choncho, iye adziwa mojambulira, koma mkuluyo anati sangagwe ndi mphepo anthu akuona. Nthawi inali itadutsa 2 koloko. Kuseka kuja kunali kutatha, anthu ayamba kung'ung'udza, ndipo mayi wina wa tomato anafunsa mokweza ngati palibe mwamuna wina amene alibe apongozi.

Apo a Ngozo anavula magalasi n'kundiitanira pambali. Analankhula motsitsa, mwachifatse.

"Bambo a Tadala, ulemu wanu ndimaudziwa, ndauona zaka zonsezi. Koma taonani anthuwa. Ena asonkha ndalama ya sopo. Lero mukafuna kundilemekeza, mundimenye. Ine ndigwa bwinobwino, musaope."

Ndinamva manyazi, komanso chisoni. Munthu wamkulu kuchita kupempha kuti amenyedwe, mkamwini n'kumakanika! Ndinati, "Ndamva, bambo." Ndinabwerera pamalo panga, kumanga mpango molimba, n'kuganiza kuti njira ndi imodzi yokha, ndingotsinzina kuti ndisaone amene ndikumenya.

Limbani atati "Tiyeni!" ndinakuwa mfuu imene sindinakuwepo chibadwire, kuthamanga, kudumpha, maso ali otseka. Anthu amene anaona amati linali theche lokongola kwambiri, lolunjika pachifuwa. Vuto n'lakuti kulonjeza kugwa ndi kwina, kuona nsapato ikubwera kumaso ndi kwina. Manja awo aja amene anaswa miyala pansi pa nthaka zaka zambiri sanafunse pepala la Limbani. Ndinangomva chinthu chandigwira pakakolo ngati pulayala, dziko linatembenuka, ndipo nditatsegula maso ndinali chagada pakati pa mizere, dothi lili m'kamwa, mpango uli uko.

Apongozi anaima pamwamba panga ndi jasi lawo lija, nawonso atadzidzimuka ndi zimene achita. Nanga ine, ekita wa filimu yonse, amene anaphunzira kuphiri, ndinatani? Ndinadzuka pang'onopang'ono, kugwada, kuwomba m'manja katatu, n'kunena momveka bwino kuti, "Zikomo kwambiri, bambo."

Musandifunse kuti ndinkathokoza chiyani, mpaka lero sindidziwa. Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka kumsewu. Apongozi aakazi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Nditafunsa Limbani ngati tibwereze, anali akulongedza kale kamera m'chikwama, misozi ili m'maso. "Achimwene, izi sizibwerezedwa," anatero, n'kuthamangira minibasi.

Patatha miyezi iwiri filimu tinaionetsa masana m'holo ya pasukulu, mazenera titatchinga ndi mabulangete. Anthu anadzaza, ndipo aliyense ankakuwa akaona dzina lake. Filimu yathu ndi yokhayo imene ndikuidziwa yomwe ekita amavutika ola lathunthu, kufika kwa bwana wa zigawenga, kugwetsedwa kamodzi, n'kuthokoza. Limbani anasungadi lonjezo lake, mawu anga onse a m'shedi muja anaikapo a munthu wina waukali. Anangosiya atatu omaliza aja, amenewo ndi anga enieni.

Pano pamsika munthu akaterereka ndi thumba, asanadzuke n'komwe, mumamva wina akukuwa kuti "Zikomo kwambiri, bambo!" ndipo onse amatembenukira kwa ine. Apongozi nawo atchuka, ana amawathawa panjira, iwo n'kumakondwa. Sabata yatha anandipeza ndikupalira, anaima kumutu kwa mzere n'kunena kuti akhala akuganiza, si bwino kuti nkhani ithere pamene paja, tisonkhenso kuti ndipeze mpata wobwezera. Ndinaika khasu pansi, kunyonyomala, n'kuyankha kuti ndamva, bambo. Koma mumtima ndinalumbira. Kusonkha ndidzasonkha, ngakhale matumba awiri, koma ntchito yanga idzakhala yogwirira Limbani ambulera, ndipo ndidzaima kumbuyo kwa kamera, kutali ndi manja a achikulire aja.