Fodya wa ku Chulu Anaumira pa Tsitsi Langa

Amuna anga amati zinali njuchi. Mlamu wanga Nabanda amati zinali nyerere, ndipo amalumbira kuti anaziona ndi maso ake zikukwera m'khosi mwanga. Onse awiri amaichepetsa nkhaniyi. Amene akukayika abwere adzafunse ku Chulu kuno, chifukwa tsiku limenelo palibe amene anapita kumunda.

Loweruka lapitali ndinaifotokozanso chifukwa cha Chisomo, mwana wa tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe, amene ndimamulangiza kumpingo. Mawa lake kunali chinkhoswe chake. Mwanayu wathera dzinja lonse akuthyola ndi kusoka fodya, ndipo phula la masamba linamata tsitsi lake mpaka chipeso chinaguluka mano. Akuchimuna ndi eni mudzi a ku Kaomba, ndipo mmodzi wa iwo anali atanena kale kuti mwana wa tenanti amadziwika ndi fungo la chigafa. Chisomo anatipeza tonse atatu pakhonde, ine, amuna anga ndi Nabanda, atanyamula botolo la chakumwa chakuda cha thovu chija, nati waona pa foni atsikana akutsukira tsitsi.

"Amayi, nditsukire kapena ndisiye? Sindikufuna akandiseke."

Ndinamuuza kuti akhale pansi, chifukwa woyamba kuchita zimenezi m'Kasungu muno ndine.

Chaka chimene fashoniyi inangofika kumene, ndinasankhidwa kutsogolera nyimbo pamsonkhano wa amayi, ndiye ndinadzikhuthulira botolo lathunthu m'mutu. Thovu linakwera kupitirira denga, anthu nayesa mtambo, nayamba kuthamanga kukayanula ufa pamphasa. Litaphwa, tsitsi linawala kotero kuti bambo wina wa njinga anaima pamsewu n'kumeta ndevu zake akudziyang'anira m'mutu mwanga. Mukumva? Kenaka linayamba kukula, linatuluka pakhomo, linadutsa pabwalo, linalumpha mizere ya mtedza, linakakola mbuzi za abusa, ndipo pofika masana ana a sukulu anali kulumphira chingwe kunsonga kwake ine ndisanamalize n'kupukuta kumaso komwe.

Chaka chimenecho chiswe chinali chitagwetsa zigafa zambiri, fodya akuwolera pansi, anthu akulira. Ndinawamvera chisoni. Ndinakhala pampando pansi pa mango, amuna a m'mudzi nakoka tsitsi langa mpaka kumabulugamu a kudambo, napachikapo fodya wa mudzi wonse, wa matenanti ndi wa eni minda pamodzi, popanda kufunsa kuti uyu ndi wa yani. Anauma wofiirira bwino, wonunkhira shuga, moti ogula ku okushoni ankanyambita mabelo asanatchule mtengo.

Tsono njuchi zinamva fungo. Zinachokera kunkhalango zitaphimba dzuwa, nkhuku n'kulowa m'khola, ndipo zinamanga zisa kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Nyerere nazo zinabwera pamzere wautali, yakutsogolo ili pakhutu langa, yakumbuyo ikuwoloka mtsinje wa Dwangwa. Pambuyo pake panafika njovu yofuna uchi, ine osagwedezeka ngakhale pang'ono, poti pamutu panga panali thukuta la anthu la chaka chonse. Ndinangoiyang'ana m'maso, nayo inachita manyazi n'kubwerera. Mukumva? Fodya atauma anadula tsitsilo ndi macheka, ndipo zingwe zomangira mabelo kuno mpaka lero ndi zomwezo.

"Alamu, paja munangometa mpala, mwezi wonse muli m'duku," anatero Nabanda.

"Mpalawo ndiwo umboni wanga. Tsitsi lonse lija linapita kuti?"

Amuna anga anangoyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Komabe mwana wabwera ndi nkhawa sumubweza ndi nthano yokha. Ndinamuuza zimene ndikudziwa. Chakumwachi chili ndi kaasidi kamene kangamasule litsiro n'kuwalitsa tsitsi kwa kanthawi, ndiye atsikana a pa foniwo sakunama kwenikweni. Koma muli shuga wambiri, ndipo ukamusiya aume amamata, amayabwa, amaitana alendo a miyendo isanu ndi umodzi. Atsikanawo amajambula ali m'bafa la matailosi, kutali ndi chulu. Sindinamuletse, sindinamulimbikitse. Mutu ndi wake, chinkhoswe ndi chake, ndipo sindinaone cholakwa kuti mtsikana amene manja ake ada ndi ntchito afune kuwala tsiku limodzi.

Chisomo anali ataseka mpaka misozi, kuseka kumene sindinamumvepo chiyambire zokambirana za ukwatiwu. Anapempha beseni, sopo ndi madzi ofunda. Anathira theka la botolo m'mutu, anatikita, kenaka anatsukuluza ndi madzi ambiri mpaka Nabanda atanunkhiza n'kuvomereza kuti njuchi sipezapo kanthu. Phula lina linachoka, lina linakana. Ndinamufunsa ngati athirenso.

"Ayi, lotsalalo likhale. Akanena za chigafa, ndikawauza kuti fodya wathu ndi wawo anaumira pamutu umodzi."

Theka lotsala anandipatsa ine. "Imwani, amayi. Kukhosi kwauma ndi kuthamangitsa njovu."

Ndinamwa. Koma njovuyo inabweradi, ndipo mapazi ake ndi maenje aja amawumbiramo njerwa kuseri kwa tchalitchi.