Kabokosi Kamene Ndinakamvera Chisoni

Mpaka lero mkazi wanga akangondimva ndikunena kuti "vuto ndaliona," amabisa sikuludiraiva. Sindimuimba mlandu. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma changa chinazizira banja lonse, n'kuthamangitsa apongozi anga kuno ku Glasgow nthawi yawo isanakwane.

Apongoziwo anabwera kuchokera ku Dedza mwana wathu Tadala atangobadwa. Tinagwirizana kuti akhala miyezi ingapo akulera mdzukulu, kuti mkazi wanga Chikondi abwerere ku ntchito yake ya unamwino, ine ndizipitiriza mashifiti kunyumba yosamalira okalamba. Popanda iwo, mmodzi wa ife anayenera kusiya ntchito. Choncho ndinalumbira mumtima kuti mayi amenewa sadzamva kuzizira m'nyumba mwanga, ngakhale anafika m'nyengo imene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Fulati yathu ya ku Gorbals, dera lina la mu Glasgow, ili ndi mahita otenthetsera m'nyumba okhala ndi njerwa m'kati. Usiku magetsi akatsika mtengo njerwazo zimamwa moto, ndiye masana zimautulutsa pang'onopang'ono. Apongozi atatsala pang'ono kufika, eni nyumba anatumiza mzungu wina wamagetsi kudzaika zida zatsopano. Pafupi ndi mita anaika bokosi loletsa mahita kumwa magetsi pa nthawi yodula, ndipo kunja kwa windo la kukhitchini anakhomerako kabokosi kena kakang'ono kotuwa. Anandifotokozera ntchito yake, koma Chingerezi cha kuno chimathamanga ngati minibasi yothawa apolisi. Ine ndinkangogwedeza mutu (mwamuna wa Chimalawi savomera kuti sanamve).

Masiku oyamba nyumba inkafunda bwino, mpaka apongozi ankayenda opanda juzi. Kenako mvula inayamba, mvula ya kuno yosadziwa kukata.

Tsono ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu cha magetsi sichigona panja. Kwathu ngakhale wailesi yakufa timailowetsa kukada, chifukwa mvula ikaileka, akuba saileka. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinakaona kabokosi kaja, madzi ali chuu pamwamba pake, ndipo mtima unandiwawa. Azungu nawonso ulesi, ndinatero. Ndinatsegula windo, n'kukamasula, n'kukokera waya wake m'kati kudzera pa kabowo kotulukira mpweya, n'kukakhomera pamwamba pa chitofu, malo ouma ndi ofunda kuposa onse m'nyumbamo. Ndinagona ngati munthu amene wapulumutsa mwana wamasiye.

Chimene sindinadziwe n'chakuti ntchito ya kabokosiko ndi kumva kuzizira kwa panja, n'kuuza mahita kuchuluka kwa moto woti asunge. Pamwamba pa chitofu kanaganiza kuti tili ku Nsanje mu Okutobala, ndiye kanauza mahita kuti apume.

M'mawa mwake mahita anali zii. Apongozi, amene salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anadzera kwa mwana wawo ine ndili pompo.

"Iwe Chikondi, uwafunse bambo a Tadala ngati kuno anthu amagona mufiriji."

Ndinaganiza mozama (apa ndi pamene ndinayenera kusiya kuganiza). Ndinapeza kuti kabokosiko kanali katalowedwa kale ndi chinyezi ndipo kankafunika kufunditsidwa. Ndinatenga chipewa chaubweya cha Tadala n'kukaveka. Nyumba inazizira kuposa dzulo lake.

Masiku otsatira sindikonda kuwakumbuka. Apongozi ankakhala pasofa atavala jekete yanga ya kuntchito, zitenje ziwiri ndi masokosi m'manja, akuyang'ana mvula pawindo. Anayamba kutsokomola. Tadala naye mphuno zinatseka. Ndinkachita manyazi kulowa m'nyumba yanga yomwe.

"Bambo a Tadala, tiyeni tiwaimbire eni nyumba," anatero Chikondi.

"Dikirani kaye, vuto ndaliona. Ndi bokosi la pamita lija, likuwamana magetsi mahitawa."

Ndinadikira kuti apite kukasambitsa mwana. Ndinatsegula bokosilo n'kulumikiza mawaya awiri amene ankaoneka kuti akufunana, monga ndinkaonera amalume anga akuchitira ku Ndirande (ndinaiwala kuti amalumewo alibe nsidze). Kunamveka phuu! Magetsi onse anazima, ndipo m'nyumba munanunkha ngati akuwawula nkhuku.

Apongozi sanakalipe. Anangoyamba kupemphera mokweza, akutchula dzina langa lonse. Madzulo omwewo mkulu wa mpingo wathu anabwera ndi galimoto n'kuwatenga onse atatu kupita nawo kwawo ku Sighthill. Anandigwira paphewa n'kuti, "Limbani mtima, achimwene," ngati pamaliro. Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva kuti pali mkamwini wina amene walephera kufunditsa apongozi ake.

Titawaimbira eni nyumba, wamagetsi uja anabwera n'kuyamba wasuzumira kunja, n'kupeza khoma lokhalokha. Anatsatira waya mpaka pamwamba pa chitofu, n'kuima.

"Bwanawe, ndani wakaveka chipewa?"

"Kamanyowa," ndinayankha.

"Kanapangidwira mvula kameneka," anatero.

Sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anavula chipewacho mwaulemu n'kundipatsa, n'kubwezera kabokosiko panja, n'kusintha bokosi lopserera lija. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi zisa zomwe.

Kutentha kunabwerera tsiku lotsatira, koma apongozi anali atauza kale Chikondi kuti awasinthire tikiti. Anati chifuwa chawo chikachirira ku Dedza, kumene kuzizira kwake amakudziwa. Tinawachonderera, mkulu wa mpingo naye anawachonderera, koma ayi ndithu.

Pabwalo la ndege anamupsompsona Tadala, n'kumubwezera m'manja mwa mayi ake. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali pansi.

"Bambo, mtima muli nawo wabwino, zimenezo ndaona. Koma mwanayu akadwala, chonde musamukonze nokha."

"Zikomo, amayi," ndinatero.

Amene anasiya ntchito ndine. Tsopano ndimaswera ndi Tadala m'nyumba yofunda bwino, ndipo akangoyetsemula ndimaika manja kumbuyo n'kudikira mayi ake.