Sinyora Wakana Kudya

Lolemba

Bambo a Rozita, amuna anga, agonekedwa kuchipatala ku Tete. Chifuwa chija. Anamwino akuti mwina Lamulungu atuluka. Ndawasiya pabedi atavala malaya awo a kutchalitchi, mabatani onse mpaka pakhosi.

Sanafunse za nyumba, sanafunse ngati ndili ndi makala. Andigwira dzanja n'kunena kuti, "Mai a Rozita, Sinyora asafe."

Dzinalo n'la mayi wolemekezeka, koma Sinyora ndi nsomba. Ya m'nyanja yamchere, kutali uko kupitirira Beira. Wopyapyala ngati tsamba, mizere yoyera ndi yachikasu, kamlomo katali ngati ka mbalame yoyamwa maluwa. Amakhala m'bokosi lagalasi pabalaza pathu, muno ku Moatize, m'bairo ya 25 de Setembro, momwe fumbi la malasha limalowa ngakhale utatseka mazenera. Anatisiyira ndi enjinyero wa kumgodi amene bambo a Rozita ankamuphikira, tsiku lomwe ankabwerera kwawo. Mlonda analandira njinga. Wochapa zovala analandira mipando. Ife nsomba.

Koma ndisanyoze. Bambo awa anabwera kunkhondo alibe mawu. Ine nditabwerako ku Malawi komwe tinathawira, ndinapeza mwamuna woyankha ndi mutu basi, ndipo tinakhala choncho mpaka ana anakula n'kupita. Nsombayi itafika ndinawamva akuyankhula nayo m'mawa, nkhani zazitali, kenako mawu ena anayamba kugwerako kwa ine.

Ndiye zochita sabata ino:
— kudyetsa Sinyora m'mawa ndi madzulo. Amadya tinkhanu ta m'nyanja, kamarau, timene timasungitsa mu jelera, firiji ya Dona Felisimina, woyandikana naye nyumba
— bomba yotulutsa thovu m'madzi isazime
— madzi akachepa kuthiramo ena. Amchere? Opanda mchere? Ananena, koma anali akutsokomola
— phala ku Tete tsiku lililonse

Zapafupi. Ndinalera ana pamsasa wa othawa nkhondo, nsomba imodzi ingandikanike?

Lachiwiri

Sinyora sakudya.

Ndikuponya kamarau. Akubwera pang'onopang'ono, akununkhiza ndi kamlomo kaja, akutembenuka ngati mkazi wa bwana atamuikira therere. Ndikuyesa kuimba mluzu momwe amachitira eni ake. Wakabisala kuseri kwa mwala.

Dona Felisimina wabwera kudzaona. Amagulitsa chikowa pamsika, nsomba zouma za ku Zambezi, ndiye akuti nsomba amazidziwa. Wayang'ana m'galasi nthawi yaitali, n'kunena m'Chinyungwe chake kuti nsomba yokana chakudya imakhala ikufunsa mafuta ndi anyezi. Nsomba zimene amazidziwa mayi ameneyu ndi zakufa kale.

Chapa, minibasi ya ku Tete, yodzaza, pamlatho mzere wa malole. Phala lafika litazizira.

Funso loyamba la bambo a Rozita: wadya? Ndayankha kuti walawa. Si bodza lenileni, ananunkhiza. Iwonso phala angolilawa n'kukankha mbale. Tsopano ndili ndi awiri osadya, wina tsidya lino la mtsinje, wina tsidya ilo.

Lachitatu

Magetsi azima kukucha. Bairo yonse, dera lathu lonse. Palibe akudziwa kuti abwera liti.

Bomba ili chete. Dzuwa likuwotcha malata ngati likufuna kulowa, madzi a m'bokosi ali fundee ngati osambitsira khanda. Sinyora wakwera pamwamba, akupuma mofulumira, makha akungotseguka n'kutsekeka.

Ndakumbuka zomwe amachita bambo a Rozita magetsi akazima: kutunga madziwo ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Ndikutunga, ndikuthira. Ndikutunga, ndikuthira. Dzanja lamanja lafa, ndasinthira lamanzere. Ndikaima kuti ndimwe madzi, iye akuyamba kupendama.

Masana Dona Felisimina wabwera atatseka mphuno ndi nsalu. Jelera yasungunuka. Kamarau yense wavunda limodzi ndi mwendo wake wa mbuzi, ndipo akuti ndi nkhanu zathu zomwe zayambitsa.

Zomwe ndayesa kumupatsa Sinyora lero:
— kapenta wosinja. Ayi
— nyongolotsi yoduladula, ya kuseri kwa bafa. Ayi
— mkate wonyika. Sanauyang'ane n'komwe
— dzira lowiritsa. Ili ndalakwitsa. Madzi onse asanduka thobwa!

Ku Tete sindinapite. Phala wanyamula Dona Felisimina, akung'ung'udza. Pobwera akuti akudwaladi bambo aja, nthiti zikuwerengeka, ndipo amayang'ana kukhomo ngati akudikira wina. Ndasiya mwamuna chifukwa cha nsomba, poti mwamunayo ndiye anatero. Kaya ndachita bwino, kaya.

Lachinayi

Magetsi kulibebe.

Sinyora watuluka timadontho toyera pazipsepse ndi pamchira, ngati wina wamuwaza ufa. Akudzikhula pamwala. Diso limodzi lachita chifunga.

Madzi achepa kwambiri ndi kutenthaku. Ndaima ndi thumba la mchere lomwe anasiya enjinyero, ndikuganiza. Nsomba ya m'nyanja yamchere, yodwala. Ndithu ikusowa kwawo. Ndathira mchere wochuluka bwino, osaumira.

Ku farmasiya ndafunsa mankhwala a nsomba. Wogulitsa akufunsa kuti wadya nsombayo ndani, ndipo akusanza kapena akutsegula m'mimba. Ndamufotokozera. Waitana mnzake kuti ndifotokozenso.

Dona Felisimina wavomera kugwira kapu ija, koma akuti ndisachedwe. Ndathamangira ku Tete. Bambo a Rozita awasunthira bedi la pafupi ndi chitseko cha anamwino. Akuti m'chifuwa muli madzi, ayenera kuwapopa. Ndakhala pambali, ndafunsa mozungulira ngati nkhani yongocheza, kuti kodi madzi a m'bokosi la Sinyora akachepa timatani paja.

"Madzi okha," atero. "Mchere suuluka ndi dzuwa. Mukathira wina mumamuwotcha."

Ndagwedeza mutu ngati munthu amene amadziwa kale.

Panja pa chipatala ndaimbira foni a Tomasi, akulu awo a bambo a Rozita, akatekisita a ku Zóbuè. Ndawauza za chifuwa. Kenako mawu angotuluka okha, kuti Sinyoranso akudwala, kutentha kukumupha, sakudya, ndilibe pogwira. Ayankha ndi mawu olemera kuti ndibwere naye, kumapiri kukuzizira ndipo magetsi alipo, komanso nkhani imeneyi yafika poti tikhalirane pansi. Sindinamvetse, koma ndathokoza.

Lachisanu

Katundu:
— ndowa yokhala ndi chivundikiro, Sinyora m'kati
— chigubu cha madzi a m'bokosi, nditasungunulako ndi a pampopi
— bomba, yokulunga m'nsalu
— kapu

Kondakitala wa chapa akufuna ndowa ikwere padenga ndi matumba a makala. Ndakana. Ndayiika pamiyendo. Msewu ndi maenje okhaokha, malole akutidutsa ndi fumbi, dzenje lililonse madzi akuthovukira pa nsalu ya mayi wokhala pambali panga. Wanyambita chala, wamva mchere, wandiyang'ana, wasuntha mwana wake.

Pa chotchinga msewu wapolisi akuti nditsegule. Wasuzumira. Wavula chipewa kuti aone bwino. Akufunsa ngati ndachita kuyipenta. Ndati inabadwa choncho. Akufunsa ngati imadyedwa. Ndati iyo ndiye sidya. Waitana mnzake, chapa yonse yatsika kudzaona, ine ndili pakati pa msewu ndikutunga ndi kuthira ndi kapu yanga.

Tafika ku Zóbuè dzuwa litapendeka. Mphepo yozizira, mapiri, fungo la mbatata yokazinga pamalire. A Tomasi andichingamira atavala jekete, Baibulo m'khwapa. Akazi awo asesa kachipinda ka alendo, ayala mphasa yatsopano, koma nkhope zili gwa. Akuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Mlamu, nanga mayiwo ali kuti?"

Ndatsegula ndowa.

Zaululika pang'onopang'ono. Chaka chonsechi mng'ono wawo wakhala akuwaimbira foni kuti Sinyora wadya bwino, Sinyora ndi wokongola, Sinyora amandidziwa ndikalowa. Iwo anatsimikiza kuti anakwatira wachiwiri, ndipo ine ndavomera mitala mpaka kumudwazika mkazi mnzanga. Anakonza kale mavesi. Akazi awo aseka mpaka kukhala pansi pakhonde. A Tomasi sanaseke. Atseka Baibulo n'kunena motsitsa kuti, "Mng'ono wanga ali m'chipatala, inu mwanyamula ndowa."

Bomba talumikiza m'sitolo ya mwana wawo. Thovu layamba.

Loweruka

Kwacha ndi nkhungu. Zala zikuuma. Ndaviika dzanja m'ndowa, madzi ali ngati a pakasupe. Ku Moatize ndimamuphika, kuno ndamuumitsa.

Sinyora wagona chammbali pansi. Makha akuyenda pang'onopang'ono. Madontho aja afika mpaka kumutu.

Tathira madzi otentha m'mabotolo n'kuzunguliza ndowa, takuta ndi bulangeti la a Tomasi. Akazi awo apita kudimba, abwera ndi tizilombo tofiira ta m'matope m'kachitini. Taponya. Wadzuka! Wayandikira mopepesuka, watola kamodzi ndi kamlomo kaja, wameza. Tonse atatu tagwada mozungulira ndowa, palibe akupuma. Ndayamba kale kukonza momwe ndikanenere ku Tete: wadya, bambo, wadya ndikuona.

Sanatolenso kena. Dzuwa likutuluka m'nkhungu wapendama, wazungulira kamodzi, waima.

Sindimadziwa kuti mtundu umachoka msanga chotere. Chikasu chija chazilala tikuyang'ana, watsala wotuwa ngati nsomba iliyonse ya pamsika, ndipo ndi wamng'ono, sakudzaza n'chikhatho chomwe.

Mlamu wamkazi wafunsa mwaulemu ngati tingamuwotchere mphaka. A Tomasi akana. Akuti pemphero la nsomba kulibe ndipo sayambitsa iwo, koma atenga khasu, akumba pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Pokwirira avula chipewa, akuti chikuwayabwa. Atatha aima atatsamira mpini, anena kuti kuchokera pamene nkhondo inatha mng'ono wawo sanawaimbirepo foni, mpaka pomwe kanabwera kanthu aka. Mawa tipitira limodzi ku Tete.

Ndatsuka ndowa. Akazi awo adzazamo mbatata kuti isabwerere yopanda kanthu.

Lamulungu

Satuluka lero. Awalowetsa kapaipi m'nthiti, madzi achikasu akudonthera m'botolo pansi pa bedi. Malaya a kutchalitchi aja awavula, apindidwa kumutu.

Aona akulu awo, adabwa. Aona ine. Aona ndowa ya mbatata.

"Wapita?"

"Dzulo, ku Zóbuè."

Atseka maso. Ndimafuna kungonena kuti anadwala, koma ndayamba ndi dzira, ndipo zonse zatsatira: magetsi, mchere, ku farmasiya, chapa. Sakuyankha, sakugwedeza ngakhale mutu. Ndikuyang'ana pakamwa pawo, ndikuopa kuti patsekekanso ngati kale. A Tomasi alowererapo, aulula okha za mkazi wachiwiri ndi mavesi awo ndi mphasa yatsopano. Bedi layamba kugwedezeka. Ndimayesa akulira. Akuseka, kuseka kopanda mawu, mpaka kwasanduka chifuwa, botolo likugubuduka, namwino wabwera akukalipa kuti tikufuna kumupha munthu.

Chifuwa chitaleka afunsa kumene tamuika. A Tomasi anena za mtengo wa mapichesi. Ati zili bwino. Phala sanadye. Atembenukira kukhoma, ife takhala pamenepo mpaka belu la alendo.

Tikutuluka andiitana. Ndabwerera ndikuganiza kuti afuna madzi akumwa. Akuti mawa ndibwere msanga, ndidzawafotokozerenso za pa chapa kuyambira pachiyambi, ndipo za wapolisi ndisadumphe.

Kunyumba magetsi abwera. Dona Felisimina akuti bokosilo ndimupatse azisungiramo chikowa, ntchentche sizingalowe. Ndati adikire eni ake. Ndathira madzi otsala aja m'ngalande, ndapukuta galasi, fumbi layamba kale kukhalapo.

Anamwino sakutchulanso tsiku lotuluka. Mawa phala, chapa, mlatho. Ndikanena za wapolisi.