Makhadi a Mwezi ndi Funso la a Mwale

Lolemba

Belo latsopano la salaula, zovala zovalidwapo kale, lafika. Majekete okhaokha, dzuwa likuswa mtengo chonchi! Ndani agule jekete ku Katete nyengo ino?

M'thumba la jekete lina lofiirira ndikupezamo kabokosi. Makhadi. Osati a njuga aja a pasiteshoni. Awa ndi aatali, osalala, kumbuyo kwakuda bii, ndipo lililonse lili ndi mwezi wake: wina wathunthu, wina theka, wina kachikhadabo chabe. Mulinso kabuku ka Chingerezi. Ati dzina lake ndi taroti. Ufunsa funso, usakaniza, utola khadi limodzi, uwerenga tanthauzo la chithunzicho.

Funso ndili nalo. A Mwale, aphunzitsi a ku Sinda, ofedwa ngati ine, akufuna kundikwatira. Ndinawauza kuti yankho Lamulungu. Ndi munthu wabwino, kungoti amalankhula ngati akulemba pabolodi. Nanga benchi langa la pamsika ndisiyire yani?

Pulani:
- khadi limodzi m'mawa uliwonse
- osauza munthu
- pofika Lamulungu ndikhale nditadziwa

Si maula awa. Ndi zithunzi chabe. Ndadziuza choncho kangapo.

Lachiwiri

Khadi loyamba: agalu awiri akuuwa mwezi, nkhanu ikutuluka m'madzi. Kabuku kati zinthu sizili monga zikuonekera. Zinthu zake ziti? Galu ndani? Nkhanu ndiye ndikuidziwa, imayenda cham'mbali ngati a Mwale akafuna kunena kanthu.

Ndatenga makhadi kumsika kuti ndiziphunzira pomwe palibe ogula. Amake Dalitso, a benchi la tomato loyandikana ndi langa: "Mwayamba njuga ndi ukulu womwewu?" Ndafotokoza. Ati nawonso ayese. Atola khadi la mayi wokhala pampando, chindalama chachikulu pamiyendo. Posakhalitsa galimoto ya ku loji yaima n'kugula tomato wawo yense.

Akundiyang'ana mwachilendo. Alumbira kuti sauza munthu.

Lachitatu

Auza msika wonse!

Khadi langa la lero: munthu wamangidwa mwendo umodzi kumtengo, mutu pansi, nkhope ili phee ngati akudikira minibasi ya ku Chipata idzaze. Tanthauzo lake ati dikira. Ndikudikira kale!

Obwera pabenchi, akunamizira kuyesa majekete:
- mayi amene mbuzi yake yasowa (watola makapu atatu, kabuku sikatchula mbuzi paliponse)
- kondakitala wofuna kudziwa ngati timu yake ipambana
- mtsikana wa ku saluni amene sanafunse kanthu, wangotola khadi n'kuyamba kulira. Ndamugulira maheu.

Aliyense ndikumuuza kuti sindine sing'anga, ndikungowerenga Chingerezi. Koma chikundidabwitsa ndi ichi. Munthu akangoona chithunzi amayamba kufotokoza yekha. Khadi lili chete, ine ndili chete, iye akungotaya zonse. Mayi wa mbuzi uja pomaliza wati akudziwa bwino kuti amene anaigulitsa ndi amuna ake. Nanga anabwereranji? Ndikuganizabe.

Majekete ogulidwa: palibe.

Lachinayi

Khadi la lero: Imfa. Mafupa okhaokha pahatchi, mwezi wofiira kumbuyo. Kabuku kati usaope, ndi kusintha chabe. Wolemba kabukuka sanaikepo maliro. Ndalibweza, ndasakanizanso, ndatola lina: munthu wagona chafufumimba, malupanga mbwee pamsana. Basi, ndasiya.

Kumapemphero a amayi masana, a Naphiri, atcheya athu, apempherera nthawi yaitali "ena pakati pathu amene ayamba kufunsira kwa mwezi." Maso ndatsinzina, koma ndikumva makosi akutembenuka.

Potuluka andikokera kuseri kwa tchalitchi. Andidzudzula, ndipo ine ndikungoti inde, amayi. Kenaka atsitsa mawu: "Koma zinthu zanu zija, zimaonanso za mwana amene sayankha foni?" Mwana wawo wamwamuna ali ku Lusaka, chaka chatha osamveka. Ndati ayi, amayi, ndi zithunzi. Ndawapatsa foni yanga kuti amuyese. Wayankha pomwepo, poti nambala yanga saidziwa. Ndapita kukaima patali, pansi pa mango. Alankhula mpaka tokotaimu yanga yonse kutha.

Lachisanu

Sindinatole khadi. Dzulo lija lakwana.

Mbiri yafika kutali. Bambo wina wachokera ku Vubwi panjinga yamoto, nkhuku ili kumbuyo. Ndamubweza ndi nkhuku yake.

Masana kwatsika mayi wachikulire m'minibasi yochokera ku Sinda, akufunsa "mayi wa makhadi." Sindinamuonepo. Wakhala pabelo. Ati wabwera chifukwa cha mchimwene wake, mphunzitsi, wofedwa, amene wazunguzika mutu ndi mkazi wina wa kuno ku Katete. "Dzina akubisa mpaka mkaziyo atayankha. Ndangomva kuti amagulitsa mumsika muno, ndipo ndi wapakamwa."

Amake Dalitso alowa pansi pa benchi ngati akutola tomato. Mapewa awo akugwedezeka.

Ndiyenera kunena kuti ndine. Sindikunena. Ndikufuna kumva!

Zimene ndamva:
- nyumba aipaka laimu, kenaka aipakanso
- agula bedi latsopano koma akugonabe pamphasa, ati bedilo si la munthu mmodzi
- akuphunzira kuphika mpunga, ndipo agalu anenepa
- apita kale kukafunsa malo pamsika wa Sinda, ati mkaziyo asasiye bizinesi yake
- mkonono wawo umamveka kumsewu waukulu

Mayiyo watola khadi: mfumukazi yagwira lupanga, mwezi theka pamutu. Kabuku sindinatsegule. Ndati mkazi ameneyo ndi wouma mutu. Sadzadzuka mbandakucha kukasesa pabwalo pa alamu ake. Mukamunena amayankha. Ndipo masiku ena amalirabe mwamuna wake woyamba, osabisa. Ndati kauzeni achimwene anu aganize bwino.

Ndanena zimenezi bwanji? Ndi a Mwale ndikuwachenjeza, kapena ndikuwayesa? Sindikudziwa.

Mayiyo wathokoza kwambiri, ati amakayikira kale. Wagula jekete lofiirira lija. Loyamba sabata ino!

Loweruka

Kabuku kamati makhadi akatopa uwagoneke panja, mwezi uwawalire. Dzulo dzuwa litalowa ndinawayala bwinobwino pathandala la mbale.

Mvula yoyamba yagwa.

Anthu onse akusangalala, akutulutsa makasu. Ine ndikutola phala. Mitundu yasungunuka, miyezi yonse yasanduka mabanga. Imfa yamatirira kukhadi la anthu awiri okondana, ndipo ndikati ndilekanitse, mitu ikutsalira uku. Otsala ndawayanika pawaya ndi mapegi. Aneba akudutsa mwakachetechete, akuyang'ana kumbali.

Amake Dalitso ndawatuma alengeze kuti ofesi yatsekedwa. Ati anthu adandaula, makamaka mayi wa mbuzi, amafuna kubweranso.

Loweruka lililonse m'mawa a Mwale amatumiza uthenga wa moni, wokhala ndi mipumiro yonse pamalo pake. Lero foni ili duu. Ndaiyang'ana pochapa, ndaiyang'ana pophika. Ndaizimitsa n'kuyatsanso. Ndapita mpaka pachulu kuti mwina ndi netiweki. Si netiweki.

Achemwali awo anawafikitsira uthenga wanga ndithu. Pakamwa panga!

Lamulungu

Kutchalitchi a Naphiri andisungira malo pafupi nawo. Za mwezi sanapempherepo.

Pofika kunyumba ndikupeza alendo pakhonde. A Mwale, tayi ili pakhosi. Pambali pawo mayi wa Lachisanu uja, atavala jekete lake, thukuta lili kamukamu. Akundiyang'ana. Ndikuwayang'ana.

"Ndinu?" atero mayi aja.

"Ndine."

Agwira pakamwa, kenaka aseka mpaka kutsetsereka pampando.

A Mwale sanaseke. Ati dzulo lonse anali kulingalira mawu a mayi wa makhadi, n'chifukwa chake sanatumize moni. Ati kuuma mutu ankakudziwa, kuyankha ankakudziwa, ndipo kusesa amasesa okha. "Koma za kulira zija sindinkadziwa. Inenso ndimalira, kawirikawiri ndikamakonza mayeso a ana masana, nyumba ili zii. Ndimaganiza kuti ndizibisa." Atero akuyang'ana nsapato zawo.

Kenaka afunsa yankho. Molunjika, osayenda cham'mbali.

Ndayang'ana kuwaya. Makhadi apindika onse ngati masamba a fodya, palibe looneka chithunzi. Ndati inde. Ndati koma mpunga ndiziphika ine.

Alamu anga atsopanowa adya, akhuta, ndipo ati nkhani ya Lachisanu adzaikamba paukwati, pa maikolofoni, anthu a ku Sinda ndi a ku Katete onse ali pomwepo. Ndawapempha. Ndawachonderera. Ati sizingatheke, ayamba kale kuyeserera mawu anga.