Mtedza Wanga Unathawira ku Zambia

Inu a Yohane, mukuseka chiyani? Amene akuti ndikunama akwere njinga apite kuseri kwa Kachebere akaone yekha, dzenje la mtedza wangawo lilipobe, ng'ombe zimamwamo madzi.

Chaka chimenecho bungwe lija la kafukufuku wa mbewu, lalikulu la maofesi m'maiko ambirimbiri, linali ndi thumba limodzi koma pakamwa pambiri: a chimanga akufuna, a soya akufuna, a nyemba akulira. Kumeneko sagawana mofanana ngati ndiwo za pamaliro ayi. Komiti imayendera minda n'kupereka malikisi, woonetsa zotsatira ndiye amadya, wotsalira amamutsekera pulogalamu. Mayi Zulu, wofufuza za mtedza amene ankatipatsa mbewu yosagwidwa khate, anafika kwathu maso ali psuu, akuti, "Bambo Chikadza, munda wanu wachitsanzo ukalephera, mbewu ija simudzaionanso."

Ine kumva choncho magazi anawira! Ndinatenga njere imodzi yokha n'kuibzala pamzere womaliza wa munda wanga, paja pathera Malawi, ndipo m'mawa ndinkaithirira thobwa, masana kuiimbira nyimbo za kwaya, madzulo kuiopseza kuti ikandichititsa manyazi ndiikazinga, moti pofika Febuluwale masamba ake anaphimba mudzi wonse, nkhuku n'kumalowa m'khola masana poyesa kwada. Mukumva?

Tsiku lokolola a komiti anabwera pa magalimoto oyera, nsapato zili waliwali. Ndinamangirira ng'ombe za mudzi wonse kutsinde, ine patsogolo chingwe chili kumano, nthaka n'kung'ambika, phiri la Mchinji n'kupendekeka pang'ono, kaliyang'aneni mpaka lero silinawongoke, ndipo khoko loyamba litangotuluka mvula inayamba, ndiye tinaliswa ndi nkhwangwa, komiti yonse n'kulowamo ndi mipando yomwe, msonkhano n'kuchitikira momwemo, wapampando akulankhula uku akubudula mtedza. Malikisi onse anagwera ife. Mayi Zulu anavina chimtali, ine ndikungoyenda ngati tambala.

Basi kunyamuka kamnyamata kena ka magalasi, kamakina koyezera malire kali m'manja. Akuti, "Pepani wapampando, tsinde lili ku Malawi, koma mtedzawu wabereka ku Zambia."

Ha! Mtedza wosayamika uja unayenda pansi pa nthaka, kudutsa malire wopanda chiphaso, n'kukabereka m'munda mwa mlamu wanga Tembo, munthu woti khasu amaliona ngati njoka. Lamulo lawo silipindika: ndalama zimalondola kumene kwapezeka zotsatira. Thumba lonse linawolokera ku Chipata, Mayi Zulu anawasamutsira komweko, ndipo Tembo anamujambula chithunzi ataima pakhoko langa, atavala jekete yobwereka kwa ine. Zinandiwawa, abale, mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye mukandiona ndikupalasa njinga kulowera kwa Tembo mvula ikayandikira, musamaseke, a Yohane. Ndimakagula mbewu ya mtedza wanga womwe. Zambia yonse ikudya thukuta langa, koma mlamu wangayo ngakhale mbasela sandiikira.